Kulorokwini: Mankhwala Omwe Adafa N'kudzukanso

M'chaka cha 1881 azungu a ku Scotland adayamba kulambula msewu wochokera ku Karonga, kukwera zitunda za kuno ku Chitipa, kulunjika ku nyanja ya Tanganyika. Msewuwo adautcha Stevenson polemekeza James Stevenson, mkulu wa zamalonda wa ku Glasgow amene adapereka ndalama za ntchitoyo. Katswiri amene adayamba kuitsogolera, James Stewart, sadaone mathero ake chifukwa malungo adamutenga m'chaka cha 1883. William McEwan, amene adalowa m'malo mwake, nayenso adatsikira kulichete m'chaka cha 1885. Mabuku adasunga mayina a awiriwa, koma ana a Alambya, Andali, Asukwa ndi Anyiha amene nthenda yomweyi inkawathyola chaka ndi chaka mvula ikagwa, padalibe wowalemba.

Nthawi imeneyo ngakhale madokotala ankakhulupirira kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wa m'madambo. Koma chaka chimodzi ntchito ya msewu ija isadayambe, mu 1880, dokotala wa asilikali a ku France dzina lake Alphonse Laveran, ali ku Constantine m'dziko la Algeria, adaika dontho la magazi a wodwala pa maikulosikopu naona kanthu kamoyo kakuphiriphitha m'magazimo. Chomwe chidamukopa kuti ayang'anitsitse chidali timadontho takuda tomwe tinkapezeka m'magazi a odwala malungo. Mu 1897, ku India, Ronald Ross adapeza timadontho takuda tomweti m'mimba mwa udzudzu, ndipo apa m'pamene padadziwikira yemwe amanyamula nthendayi. Timadontho timeneti tisatiiwale, pakuti nkhani yonse ya kulorokwini yagona pamenepo.

Kuona kachirombo n'chinthu china, kudziwa zochitika m'kati mwake n'chinanso. Chimangirizo chino chikulondola m'mene akatswiri adayendera ulendo wachiwiriwu, ndi m'mene dziko lathu la Malawi, mosayembekezera, lidaperekera umboni wa mfundo yaikulu ya sayansi imeneyi, yoti m'kati mwa chamoyo mulibe kanthu kogwira ntchito pakokha, ndipo ukakhudza kamodzi wagwedeza anzake.

Thupi la munthu, la ng'ombe, ngakhale mtengo wa khofi wa ku Misuku, lidamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Dzinali adalipereka ndi Robert Hooke wa ku England mu 1665 ataona tizipindati m'khungwa la mtengo. Padapita zaka zoposa 170 kuti akatswiri awiri a ku Germany, Matthias Schleiden ndi Theodor Schwann, anene poyera mu 1838 ndi 1839 kuti zomera ndi nyama zonse n'zomangidwa ndi maselo. Kachirombo ka malungo ndi selo imodzi yokha. Chimodzimodzinso yisiti yotupitsira mandasi. Komabe kwa zaka zambiri anthu ankaganiza kuti m'kati mwa selo muli mphamvu ina yosaoneka imene munthu sangaifufuze.

Amene adathetsa maganizo amenewa adadzera ku mowa. Amayi ofulula mowa wa mawere akhala akugwira ntchito ndi maselo kuyambira kalekale osawaona ndi maso: chimera chimasandutsa ufa kukhala shuga, kenaka yisiti imasandutsa shugayo kukhala ukali wa mowa ndi thovu. Mu 1897 Eduard Buchner wa ku Germany adapera yisiti pamodzi ndi mchenga mpaka maselo ake adaphulika, nafinya madzi ake, nathiramo shuga. Madziwo, opanda selo yamoyo ndi imodzi yomwe, adayamba kutulutsa thovu. Zidaoneka tsopano kuti ntchito ya moyo imagwiridwa ndi zinthu zoti munthu angathe kuzipatula ndi kuziyeza. Zinthuzo adazitcha maenzaimu, ndipo patsogolo pake zidadziwika kuti maenzaimu ndi mapuloteni.

Puloteni tingaiyerekeze ndi chingwe chotungidwa mikanda ya mitundu 20. Chingwecho chimadzipinda mwa njira yakeyake malinga ndi m'mene mikandayo yandandalikidwira, ndipo kapindidweko ndi komwe kamalamula ntchito imene puloteniyo ingagwire komanso zinthu zimene ingagwirane nazo. Ndondomeko ya katungidwe ka mikandayo idalembedwa m'majini, omwe amasungidwa mu DNA. Mkanda umodzi ukasintha, kapindidwe kangathe kusintha, ntchito nayo n'kusintha.

Akatswiri atayamba kulondola maenzaimu adapeza kuti amagwira ntchito mopatsirana, monga momwe anthu a m'mudzi amandandamira kupatsirana njerwa pomanga mdadada wa sukulu. Kuti shuga aphwanyike m'selo amadutsa m'manja mwa maenzaimu khumi, aliyense kulandira chomwe mnzake wasiya. Mu 1937 Hans Krebs, ali ku Sheffield, adapeza mndandanda wina wozungulira, womwe mathero ake amabwerera poyambira. Mu 1961 François Jacob ndi Jacques Monod a ku Paris adaonetsa kuti bakiteriya wa m'matumbo amapanga maenzaimu ogayira shuga wa mumkaka pokhapokha shugayo akakhalapo. Pali puloteni ina imene imakhala pa DNA ngati mlonda wa pachipata, ndipo imachokapo shugayo akafika. Apa zidadziwika kuti majini ndi mapuloteni amatumana, amaletsana, amadzutsana.

Ngakhale zidali choncho, kwa zaka zambiri katswiri mmodzi ankatha moyo wake wonse akufufuza puloteni imodzi. Kudali ngati kufuna kudziwa mudzi pofunsa munthu aliyense payekha dzina ndi msinkhu wake, osafunsa kuti malume wake ndani, adakwatira kwa yani, amabwereka khasu kwa yani. Chomwe chinkasowa idali njira yodziwira msanga kuti ndi mapuloteni ati amene amagwirana.

Njirayo idapezeka mu 1989 ndi Stanley Fields ndi Ok-kyu Song ku America, ndipo nzeru yake mlimi aliyense angaimve. Khasu lopanda mpini sililima, mpini wopanda khasu sulimanso. Mukapatsa munthu wina khasu, wina mpini, m'mawa n'kupeza munda wolimidwa, mudziwa kuti awiriwo adakumana. Akatswiriwa adatenga puloteni ya yisiti imene imadzutsa jini, naigawa pawiri. Theka lina adalimangirira ku puloteni yoyamba yomwe ankafuna kuiyesa, theka linalo ku yachiwiri. Mapuloteni awiriwo akagwirana, matheka aja amalumikizana, jini imadzuka, ndipo yisitiyo imasintha mtundu kukhala yobiriwira ngati thambo.

Mu 1996 majini onse a yisiti, pafupifupi 6,000, adawerengedwa. Mu 2000 ndi 2001 magulu awiri, lina ku America lina ku Japan, adayesa mapuloteni zikwizikwi awiriawiri. Atajambula zotsatira zake, kadontho kuimira puloteni ndi kamzere kuimira kugwirana, sipadatuluke mndandanda wowongoka koma ukonde wolukanalukana. Mu 2001 gulu la Albert-László Barabási lidaona kuti mapuloteni ambiri ali ndi anzawo ochepa, koma alipo owerengeka omwe ali ndi anzawo ochuluka zedi, ndipo ukachotsa amenewa selo kawirikawiri imafa. Ife a ku Chitipa sitifuna wotitanthauzira zimenezi. Kanjira ka kudimba kakatsekeka munthu amalambalala, koma msewu wa ku Karonga usadaikidwe phula, mlatho umodzi ukakokoloka boma lonse linkasowa mchere, mafuta ndi feteleza. Tinenenso kuti mapu oyambawo adali ndi zolakwika zambiri, moti zomwe magulu awiri aja adapeza zidafanana pang'ono chabe. Komabe kaganizidwe kadali katasintha: funso silidalinso lakuti puloteni iyi n'chiyani, koma lakuti imayenda ndi yani.

Sipadatenge nthawi kuti maso atembenukire ku malungo. Mu 2002 majini a kachirombo koopsa kwambiri, Plasmodium falciparum, adawerengedwa ndipo adapezeka kuti ndi pafupifupi 5,300. Chodabwitsa chidali chakuti oposa theka sankafanana ndi jini iliyonse yodziwika m'zamoyo zina, choncho ntchito yawo siinkadziwika. Mu 2005 Douglas LaCount ndi anzake, pogwiritsa ntchito njira ya khasu ndi mpini ija, adafalitsa mapu oyamba a ukonde wa kachiromboka okhala ndi malumikizano 2,846. Puloteni yachilendo ankaiganizira ntchito poona anzake oyenda nayo, monga momwe timadziwira mlendo poona khomo limene wafikira.

Tsopano tilowe m'kati mwa kachiromboka. Udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles ukaluma munthu, tizirombo timapita kaye kuchiwindi komwe timaswana kwa pafupifupi sabata, kenaka timalowa m'maselo ofiira a magazi. M'selo yofiira mwadzaza puloteni yotchedwa himogulobini, imene imanyamula mpweya wabwino, ndipo imeneyi ndiyo chakudya cha kachirombo. Kamaimeza n'kuiika m'kathumba kowawasa komwe kamagwira ntchito ya mimba, m'mene maenzaimu amaiduladula. Pakatha maola 48 kachirombo kamodzi kamakhala kataswa ana oposa khumi, selo yofiira imaphulika, ndipo wodwala amanjenjemera.

Koma chakudya chimenechi chili ngati chinangwa chowawa: chili ndi poizoni m'kati. Himogulobini iliyonse ili ndi tizigawo tinayi tokhala ndi ayironi totchedwa himu, ndipo himu akamasuka amaboola makoma a selo. Mayi wophika kondowole amaviika chinangwa m'madzi masiku angapo kuti ululu uchoke. Kachirombo nako kali ndi njira yake: kamaunjika himu n'kumuumitsa kukhala timiyala takuda tosavulaza. Timiyala timeneti ndi timadontho tija adaona Laveran ndi Ross. Kulorokwini akalowa m'kathumba kaja amakodwa momwemo chifukwa cha kuwawasa kwa madzi ake, amachulukana, n'kumamatira pa himu ndi pa timiyala tija kotero kuti kuumitsa kumaima. Poizoni amasefukira ndipo kachirombo kamafa ndi zinyalala zake zomwe.

Mankhwalawa adawapanga ndi Hans Andersag ku kampani ya Bayer ku Germany mu 1934, koma adayamba aikidwa padera powaganizira kuti ndi aululu kwambiri. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha m'pamene adafalikira ponseponse. Adali otsika mtengo, osavuta kusunga, ndipo ankapezeka ngakhale m'magolosale a kumidzi. Amene adakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akukumbukira kuwawa kwake pa lilime ndi kuyabwa kwa thupi komwe ena ankakumva akamwa. Koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 tizirombo tosamva kulorokwini tidaoneka ku Colombia komanso m'malire a Thailand ndi Cambodia. Mu 1978 tidapezeka ku Kenya ndi ku Tanzania, ndipo m'zaka za m'ma 1980 tidali titafika kuno. Ana ankamwa mankhwala, thupi n'kuzizira masiku awiri, kenaka malungo n'kubwereranso, magazi n'kumatha m'thupi.

Mu 1993 Unduna wa Zaumoyo udachita chinthu chomwe dziko lina lililonse la mu Africa lidali lisadachite: udachotsa kulorokwini pa udindo wa mankhwala oyamba a malungo, n'kuikapo SP, yemwe ambiri timamudziwa ndi dzina la Fansidar. Sichidali chiganizo chopepuka, chifukwa madokotala ndi odwala omwe adali atazolowera kulorokwini kwa zaka makumi angapo. Maiko oyandikana nafe adachedwerapo. Tanzania idasintha mu 2001 ndipo Zambia idatsatira pambuyo pake. Izi zikutanthauza kuti kwa zaka zisanu ndi zitatu munthu wa kwa Kameme kapena ku Misuku ankapatsidwa Fansidar kuchipatala cha kwawo, pamene mbale wake wa kutsidya kwa Songwe, m'boma la Ileje, ankapatsidwabe kulorokwini.

Nthawi yonseyi padalibe amene ankadziwa chenicheni chomwe chidasintha m'kachirombo. Yankho lidadza mu 2000 kuchokera kwa David Fidock, Thomas Wellems ndi anzawo ku America. Pa khoma la kathumba kaja pali puloteni yogwira ntchito ya khomo, imene adaitcha PfCRT. Ili ndi mikanda 424. M'tizirombo tosamva mankhwala, mkanda wa nambala 76 udasintha, pamodzi ndi ingapo ina yothandizira. Mkanda wakalewo uli ndi mphamvu ya magetsi yofanana ndi ya kulorokwini, choncho ziwirizi zimakankhana monga zimachitira mbali zofanana za maginito, ndipo mankhwala satha kutuluka. Mkanda watsopanowo ulibe mphamvu imeneyo. Khomo lidatseguka, kulorokwini n'kumatuluka m'kathumba asadagwire ntchito yake. Kusintha kwakung'ono chotere ndiko kudadzaza manda a ana mu Africa muno.

Jini itadziwika, akatswiri ogwira ntchito ku Blantyre adafufuza magazi osungidwa a odwala a zaka zam'mbuyo. M'gululi mudali James Kublin ndi Christopher Plowe a ku yunivesite ya Maryland, Terrie Taylor wa Blantyre Malaria Project, ndi madokotala athu Jack Wirima ndi Peter Kazembe. Zomwe adafalitsa mu 2003 zidadzidzimutsa dziko. M'magazi a mu 1992, tizirombo 85 pa 100 tidali ndi mkanda wosintha uja. M'magazi a mu 2000 tidali 13 pa 100 tokha. Kachirombo kosamva kulorokwini kadali kakuzimirira popanda wokathamangitsa.

Padatsala kuyesa pa anthu enieni. Mu 2005, pa chipatala cha Ndirande, Miriam Laufer ndi anzake, kuphatikizapo Fraction Dzinjalamala, adatenga ana 210 odwala malungo, ena nawapatsa kulorokwini, ena Fansidar, nawalondola kwa masiku 28. Kulorokwini adachiza ana 99 pa 100. Fansidar, amene adabwera kudzamulowa m'malo, adachiza 21 pa 100 okha. Zotsatirazi zidatuluka mu 2006 m'magazini ya New England Journal of Medicine. Patangopita zaka 12 chichotsedwereni, mankhwala omwe adaikidwa m'manda adali atadzuka.

Kodi chidachitika n'chiyani? Ena adaganiza kuti mkanda uja udabwerera mwakale m'tizirombo tosamva mankhwala. Kafukufuku wa gulu lomweli wa mu 2010 adaonetsa kuti si choncho. Tizirombo takale, tomva kulorokwini, sitidatheretu. Tidapulumuka tochepa m'matupi a anthu, makamaka akuluakulu omwe amakhala ndi tizirombo osadwala ndipo samwa mankhwala. Kulorokwini atachoka, mabanja ambiri osiyanasiyana a tizirombo takaleti adayamba kuswana mofulumira kuposa tosintha tija, mpaka adatiphimba. Funso lidatsala lakuti, nanga n'chifukwa chiyani tosinthato tinkaswana mochedwa?

Apa m'pamene nzeru ya ukonde ikuonekera. Khomo la PfCRT silidalengedwe kuti lizitulutsa kulorokwini, popeza lidalipo zaka zosawerengeka mankhwalawa asadapangidwe. Lidali ndi ntchito yake pa mndandanda wa opatsirana njerwa. Mu 2020 gulu la Rowena Martin ku Canberra, m'dziko la Australia, lidaonetsa kuti khomoli limatulutsa tizidutswa ta himogulobini yogayidwa kuchoka m'kathumba kupita komwe kachirombo kamamangira thupi lake. Khomo losintha lija limatulutsa kulorokwini, inde, koma tizidutswa ta chakudya limatitulutsa movutikira, moti timaunjikana m'kathumba monga njerwa zimaunjikana pamene munthu mmodzi pamndandanda wayamba kutsimphina. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Kulorokwini akakhalapo, kutsimphinako n'kopindulitsa chifukwa anzako onse akufa. Akachoka, wotsimphina amatsalira m'mbuyo. Chiganizo cha boma cha mu 1993 chidachotsa phindu, n'kusiya mtengo wokhawokha.

Tisafulumire kunena kuti mankhwala alionse akapumitsidwa amadzuka. Mbiri ya Fansidar ikutichenjeza. Iye amatseka maenzaimu awiri pa mndandanda umodzi, umene kachirombo kamapangira foleti, chinthu chofunika popanga DNA. Kachirombo kadasintha mikanda itatu pa enzaimu ina ndi iwiri pa inzake, isanu pamodzi, ndipo Fansidar adafooka. Atachotsedwa pa udindo wa mankhwala oyamba mu 2007, tizirombo ta mikanda isanu yosinthayi sitidazimirire monga tidachitira ta kulorokwini. Akatswiri amatchula zifukwa ziwiri. Choyamba, Fansidar adapitiriza kuperekedwa kwa amayi oyembekezera kusikelo, ndipo Bactrim, amene anthu ambiri amamwa, amagunda maenzaimu omwewo. Chachiwiri, zikuoneka kuti kusintha kumeneku sikukalemetsa kachirombo kwambiri. Zonse zimatengera malo amene puloteni yosinthayo yakhala pa ukonde. N'chifukwa chakenso kulorokwini sadabwezeretsedwe payekha: chomwe chidachitika kale chikhoza kuchitikanso, ndipo bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti malungo azichizidwa ndi mankhwala awiri ophatikiza.

Chakumapeto kwa 2007 Malawi idayamba kugwiritsa ntchito LA, amene ndi mankhwala awiri m'mbulu umodzi, artemether ndi lumefantrine. Woyambayo amachokera ku artemisinin, yemwe Tu Youyou ndi anzake ku China adamupeza m'chitsamba cha Artemisia annua kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ntchito imene idamupezetsa mphoto ya Nobel mu 2015. Artemisinin nayenso amadalira himu yemwe uja. Akakhudzana ndi ayironi wa mu himu amasweka n'kusanduka chinthu chaukali chomwe chimaononga mapuloteni oposa 100 nthawi imodzi. Sadula ulusi umodzi, amang'amba ukonde malo ambiri. Chofooka chake n'chakuti sakhalitsa m'magazi, maola ochepa chabe watha. Lumefantrine ndiye amatsala masiku angapo kupsereza otsala.

Munthu akadaganiza kuti mankhwala ogunda malo ochuluka chotere kachirombo sikangawazembe. Koma pofika 2008 ndi 2009 madokotala ku Cambodia adaona kuti tizirombo tikuchedwa kutha m'magazi a odwala. Mu 2014 jini yake idapezeka, yotchedwa Kelch13, koma padalibe amene ankadziwa ntchito yake. Mu 2020 gulu la Tobias Spielmann ku Hamburg lidafunsa funso la ukonde lija, lakuti imayenda ndi yani. Adamangirira ku Kelch13 enzaimu imene imapaka chizindikiro pa puloteni iliyonse yoyandikira, kenaka adasonkhanitsa zopakidwazo. Adapeza kuti Kelch13 ndi anzake amagwira ntchito pakamwa pa kachirombo, pomwe kamamezera himogulobini. Ikasintha, kachirombo kakang'ono kamadya pang'ono. Kudya pang'ono ndiye kuti himu wochepa, himu wochepa ndiye kuti artemisinin wochepa amadzuka. Kachirombo kamapulumuka posala kudya mpaka mankhwala atatha mphamvu. Puloteni yosinthayo siikhudzana n'komwe ndi mankhwalawo. Ili patali, koma ulusi udazilumikiza.

Nkhaniyi siidathere ku Asia. Mu 2020 kudalengezedwa kuti ku Rwanda kwapezeka tizirombo ta Kelch13 yosintha, tobadwira momwemo osati tochokera kunja. Mu 2021 zidamveka ku Uganda, kenaka ku Eritrea, ndi m'chigawo cha Kagera kumpoto chakumadzulo kwa Tanzania. Mu November 2022 bungwe la WHO lidatulutsa ndondomeko yapadera yolimbana ndi vutoli mu Africa. Ku Kagera n'kutali ndi mtsinje wa Songwe, koma mbiri ikutiuza kuti kutalika si mpanda. Kafukufuku wa majini adatsimikiza kuti tizirombo tomwe tidagonjetsa kulorokwini kuno makolo ake adachokera ku Asia. Kachirombo sikauluka mtunda wautali ndi udzudzu, kamayenda m'magazi a anthu, pa basi ndi pa lole. Boma la Chitipa lili pakati pa maiko awiri, anthu ake amagula ndi kugulitsa ku Tunduma ndi ku Nakonde, amakwatirana ndi kulirana maliro kutsidya ndi kuno. Palibe choipa pamenepa, ndi moyo wathu kuyambira makolo. Koma zikutanthauza kuti boma lomwe ambiri amaliona ngati kumathero a dziko, pa nkhani iyi ndi khomo lolowera.

Tikamvetsa zochitika m'selo, malangizo omwe timamva kuchipatala amasiya kukhala malamulo chabe. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi, m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, chifukwa kachirombo kosala kudya lero kayenera kupeza mankhwala akukadikira mawa ndi mkuja. Amene amasiyira panjira thupi likangozizira, n'kusunga mibulu yotsala kuti idzathandize mwana wina, amapha tizirombo tofooka n'kulera tolimba. Amatiuza kumwa LA titadya chakudya cha mafuta pang'ono, monga mkaka kapena nsinjiro, chifukwa lumefantrine salowa bwino m'magazi popanda mafuta, ndipo iye akachepa mnzake uja amatsala yekha pankhondo. Amatiyeza magazi tisadalandire mankhwala chifukwa kutentha thupi kulikonse si malungo, ndipo mbulu uliwonse womwedwa pachabe umasiya mankhwala ofooka m'magazi omwe kachirombo kobwera pambuyo kamaphunzirirapo. Mibulu yogula pamsika, yopanda pepala ndi tsiku lothera mphamvu, ingakhale ndi mankhwala osakwanira, omwe ndi oopsa kuposa kusamwa kumene pa nkhani yolera tizirombo tolimba.

Pali phunziro linanso kwa ife ogwira ntchito za boma. Zomwe zidapezeka ku Blantyre zidatheka chifukwa munthu wina mu 1992 adatenga magazi, nalemba tsiku ndi malo, nawasunga bwino, asakudziwa kuti patapita zaka zisanu ndi zitatu kudzapezeka jini yoti iyezedwe m'magaziwo. Kusunga zolembedwa ndi ntchito yosatamandika, koma popanda iyo dziko silikadadziwa kuti kulorokwini wadzuka. Masiku ano kadontho ka magazi kouma pa pepala n'kokwanira kuti akatswiri awerenge Kelch13 ya kachirombo, ndipo dziko lino lili nawo akatswiri otero ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku Malawi-Liverpool-Wellcome. Mapepala otere ochokera ku Ifumbo, kwa Kameme, ku Kapoka ndi ku Nthalire, otengedwa chaka ndi chaka, angachenjeze dziko mankhwala asadayambe kulephera m'mawodi a ana.

Kulorokwini adatumikira zaka pafupifupi makumi anayi, Fansidar zaka 14 zokha. Malawi idadziwika pa dziko lonse chifukwa mu 1993 idalimba mtima kusintha msanga, ndipo mosadziwa idaphunzitsa akatswiri kuti kachirombo nako kamalipira mtengo pa chilichonse chomwe kapeza. Koma mtengo wa phunzirolo adaulipira ndi ana omwe adamwalira m'zaka zomwe mankhwala ankalephera anthu asadazindikire. Ulendo uno tili ndi mwayi umene a m'zaka za m'ma 1980 adalibe: jini tikuidziwa, anzake oyenda nayo tikuwadziwa, komwe yafika tikukudziwa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mayi wa ku Wenya amene akuonetsetsa kuti mwana wake wamwa LA kachisanu ndi chimodzi, ndi mlangizi wa zaumoyo amene akulemba tsiku pa kapepala ka magazi, ndiwo akusunga mankhwala amene adzachize ana obadwa chaka chamawa.